Zikhomo Zofiira za ku Nambirira

Kalekale, koma osati kale loti mungakane kuti mudali musanabadwe, kudali koleji ya ntchito zamanja pamalo otchedwa Nambirira, kutsinde kwa phiri. Ndikati koleji musaganize za nyumba zosanja. Idali shedi yakale ya fodya imene mwini esiteti adaisiya atatopa nayo. Akalipentala khumi ndi awiri ankalimbirana sowo imodzi, atelala ankadikirana pa makina awiri, owotcherera ankaphunzira pansi pa mtengo wa mango, mvula ikagwa sukulu n'kuweruka. Chaka china mphepo idasasula theka la denga n'kukalitula m'munda wa chinangwa. Theka lotsalalo ndilo lidapitiriza kutchedwa koleji.

Mushedi imeneyi ndi momwe adayambira Wayisoni Kamtedza ali mnyamata. Adaphunziramo zomangamanga, mutu wake udali wakuthwa, adapitirira mpaka kukhala wopima malo wa boma ku likulu. Koma shedi ija sidamuchoke mumtima. Zaka zisanu ndi ziwiri adakhala akugogoda m'maofesi, kulemba makalata, kusekerera mabwana amene sankawakonda n'komwe, kupempha kuti Nambirira amumangire nyumba zenizeni zophunziriramo. Anthu a m'midzi yozungulira atamva kuti boma likuganizira, adaumba njerwa n'kuwotcha mauvuni atatu. Mauvuniwo adadikira mpaka adamera udzu, ndipo abuluzi adaberekeramo zidzukulu.

Tsiku lina boma lidatulutsadi ndalama zomangira makoleji, ndipo dzina la Nambirira lidalipo, kumunsi kwenikweni kwa mndandanda. Padali lamulo limodzi: malo apimidwe, dothi liyesedwe, mapepala afike ku likulu mwezi usanathe. Apo ayi, ndalamazo zipita kudera lina. Kamtedza sadafune kutuma munthu. Adalembera kalata mphunzitsi wamkulu wa pakolejipo kuti adziwitse mudzi, adanyamula makina ake a miyendo itatu, zikhomo, chingwe, piki ndi chitini cha penti wofiira, nakwera galimoto ya boma. Chimene sadadziwe n'chakuti mphunzitsi wamkuluyo adali kwawo akudwazika mayi ake, ndipo kalatayo idali gone m'dirowa, yosatsegula.

Atayandikira Nambirira adapeza nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu. Dalaivala adachepetsa liwiro.

"Bwana, pali zovuta m'mudzi muno."

Kamtedza adayang'ana wotchi yake. "Ponda. Tipepesa pobwerera."

Apa ndiye pamandipsetsa mtima ine. Akadakhala mwana wa m'tauni ndikadati sadziwa. Koma uyu adakulira konkuno. Ankadziwa kuti masamba akagona pamsewu wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, galimoto imayenda ngati ikuponda mazira, ndipo tsiku limenelo khasu silikhudza nthaka kupatula la adzukulu okumba manda. Ankadziwa zonsezi, koma m'mutu mwake mudali masiku anayi otsala kuti mwezi uthe. Matayala adapera masamba aja, fumbi lidakuta amayi amene ankatunga madzi a pamaliro, ndipo amayiwo adaiyang'anitsitsa galimotoyo mpaka idakhota.

Womwalirayo adali Etinesi, mayi wachitsikana amene adachira mwana wamkazi, magazi n'kukana kuleka. Adafera panjira yopita kuchipatala, atamangiriridwa ndi chitenje kumsana kwa mwamuna wake panjinga yamoto. Tsoka lake, nyengo imeneyo kudali mphekesera za anamapopa, alendo amene ankati amabwera ndi makina kudzapopa magazi a anthu n'kukagulitsa. Palibe amene adamuonapo namapopa ndi maso, koma aliyense adali ndi msuweni wake amene adamuona. Ndiye pamaliro paja anthu ankanong'onezana kuti magazi a mtsikana wathanzi chotere sangathe okha.

Kamtedza sadamve zonsezi. Adafika pamalo a koleji, adapeza palibe munthu, adayamba ntchito. Adaimika makina, adakhoma zikhomo, adakoka chingwe, mutu wa chikhomo chilichonse n'kuupaka penti wofiira kuti omanga adzachione. Pothamanga adagwetsa chitini, penti adamumwazikira pamalaya ndi m'manja. Kenako adatenga piki n'kukumba dzenje loyesera dothi pangodya ya kum'mawa, pomwe malo a koleji adachita malire ndi msitu wa manda.

Adali m'dzenjemo, lofika m'chiuno, akutapira dothi m'timatumba, pamene adamva nyimbo ya maliro ikubwera ndi njira. Pamenepo ulemu udamubwerera. Adatuluka kuti avule chipewa, naima m'mbali mwa njira, manja ali psuu, malaya ali madonthomadontho, kumbuyo kwake kuli dzenje latsopano, makina a miyendo itatu atalozetsa diso lake kumanda. Nyimbo idadukira pakati.

Woyamba adali Nangozo, mayi wake wa malemu. Amayi awiri ankamugwirizira kuti asagwe, koma adawakutumula, nathamangira kutsogolo kwa bokosi, chala chili tololo.

"Si uyu apa? Magazi a mwana wanga si awo ali m'manja mwakewo? Namapopa!"

Liwu limodzi lomwelo lidakwana. Bokosi lidatsitsidwa pakati panjira. Dalaivala, munthu wokonda moyo wake, adaliza galimoto chitseko chisanatsekeke, ndipo chimene Kamtedza adaona ndi fumbi lokha.

Wachiwiri adali Yotamu, mkulu wa adzukulu, mmisiri womanga nyumba, yemwe uja adatsogolera anthu kuumba njerwa za koleji. Adatuluka mumsitu atamva phokoso, mpini wa piki uli m'manja, dothi la manda lili m'miyendo. Iye za anamapopa sankazikhulupirira kwenikweni. Chidamuwawa ndi dzenjelo: ndani ameneyu wokumba pambali pa manda tsiku la maliro, mkulu wa adzukulu osadziwa? Sadafunse. Kamtedza adakweza dzanja kuti alankhule, mpini udatsikira pamkono pomwepo, fupa lidalira ngati nkhuni youma. Kachiwiri udamupeza pakhutu, nagwa chafufumimba. Apo khamu lidamukhamukira. Ena ankaponda, ena ankamenya ndi nsungwi, ena adathamangira ku uvuni wapafupi n'kuyamba kugumula. Njerwa zomwe adaumbira koleji ndi zomwe zinkamugwera pamsana munthu wodzamanga kolejiyo. Makina aja adawaphwanya, miyendo yake n'kusanduka zibonga.

Wachitatu adali Fanuwelo, mwamuna wa malemu, wa kabaza ya njinga yamoto. Kuyambira tsiku limene adamasula mkazi wake kumsana ali wozizira, sadalankhule ndi munthu. Adathamangira kunyumba, adabwera ndi njinga yake, adasolola kapaipi ka thanki n'kudzaza botolo. Adatembenuza Kamtedza ndi phazi kuti agone chagada, nayamba kumuthira petulo pang'onopang'ono, kuyambira kumutu mpaka m'chiuno, akumuyang'ana m'maso. Wina adagubuduza tayala. Mawu adayamba kuyenda m'khamumo ofunsa amene ali ndi machesi.

Nkhope zitatu zimenezi ndi zokhazo zimene Kamtedza adaziona bwino: mayi woloza chala, bambo wa mpini, mnyamata wa botolo. Zitatero magazi ndi petulo zidamutseka m'maso, ndipo ena onse adangokhala mapazi ndi mawu.

Tsono tcherani khutu, chifukwa mlandu wagona apa.

Nangozo adagwada n'kugwira dzanja la Kamtedza kuti alikweze, anthu onse aone magazi a mwana wake. Dzanjalo lidamumata. Adalinunkhiza. Mayi ameneyu masiku atatu apitawo adachapa yekha nsalu za mwana wake, fungo la magazi ankalidziwa kuposa aliyense pamenepo, ndipo ili silidali limenelo. Adanena kuti ndi penti, palibe adamva. Adakuwa kuti ndi penti, phokoso lidameza mawu ake. Kuyatsa kudatheka ndi liwu limodzi, kuzimitsa mawu khumi adakanika. Ndiye adadziponya pamwamba pa mlendoyo, nakumbatira mutu wake, nsalu zake zikumwa petulo. Njerwa zomwe zidali kale m'mwamba sizidabwerere. Imodzi idamuthyola nthiti, ina idamugulula mano awiri. Adatukula mutu, magazi akuchucha pakamwa.

"Mukatentha uyu mutenthe ndi ine. Muike maliro atatu lero."

Yotamu adawerama kuti amukoke mayiyo, phazi lake lidakodwa m'chingwe. Mmisiri ndi mmisiri, ngakhale atakwiya. Diso lake lidatsata chingwecho kufika pachikhomo, kuchoka apo kufika pachina, ngodya yowongoka bwinobwino. Pafupi ndi phazi lake padali pepala lopondedwapondedwa, lojambulidwa nyumba yaitali ya zitseko zisanu ndi chimodzi. Munthu amene adamudikira zaka zisanu ndi ziwiri ndi yemweyu adamuthyola mkono. Adatembenuka, adatangadza miyendo pamwamba pa awiriwo, mpini womwe uja n'kuulozetsa kwa anthu a m'mudzi mwake. Wina adatulutsa machesi, Yotamu adamenya dzanjalo machesi n'kumwazika. Mlamu wake weniweni adabwera ndi chibonga, Yotamu adamuswa chibwano. Chikwanje chochokera kumbuyo chidamutema paphewa mpaka fupa kuonekera, koma sadasunthe phazi. Adaitana adzukulu anzake, ndipo poti adzukulu samukana mkulu wawo tsiku la maliro, adabwera ndi makasu awo n'kuzungulira anthu atatuwo.

Fanuwelo adali chiimire, botolo lili m'manja, akuyang'ana apongozi ake atanyowa ndi petulo wake. Kumeneko mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo chikwatirire Fanuwelo adali asanamvepo mayiyo akutchula dzina lake. Tsiku limenelo adalitchula.

"Fanuwelo, mwana wanga anafera panjira. Uyu asafere panjira."

Botolo lidagwa. Adamukweza Kamtedza panjinga, adamumangirira kumsana kwake ndi chitenje, mfundo yomweyo, msewu womwewo. Adathamanga ngati wamisala, mutu wa mlendoyo ukumugunda paphewa pomwe unkagunda wa Etinesi. Chipatala chikuonekera patali, njinga idatsokomola n'kuzima. Petulo amene akadawafikitsa adali pamalaya a Kamtedza. Fanuwelo adaisiya njingayo m'ngalande, chuma chake chonse, nabereka bamboyo mtunda wotsalawo, akugwa n'kudzuka. Kuchipatala namwino adati wodwalayo wataya magazi ambiri ndipo m'firiji mulibe. Adamuyeza Fanuwelo, magazi adagwirizana, ndipo adatambasula mkono osafunsa kanthu. Munthu amene m'mawa ankati wapopa magazi a mkazi wake, masana adamupatsa ake.

Etinesi adaikidwa dzuwa litapendeka, popanda nyimbo.

Kamtedza adatsitsimuka tsiku lachitatu. Mkono wamanja udali m'chikhakha, ndipo adokotala adamuuza mosabisa kuti zala zake sizidzagwiranso cholembera ngati kale. Khutu limodzi lidagontha. Adalira, osati chifukwa cha mkono wokha, koma chifukwa mwezi udali pafupi kutha mapepala asanapite. Apolisi adapita ku Nambirira kawiri. Adapeza mudzi wa anthu osaona ndi osamva: aliyense adati iye adali kumbuyo kwa bokosi. Dalaivala uja adati adaona fumbi basi, ndipo pamenepo sadaname.

Kenako kudabwera bwana wa ku likulu, wa suti yake, atanyamula nthochi ndi nkhani. Adakhala pampando n'kufotokoza mofatsa kuti akuluakulu akwiya. Boma silingamange pamalo pomwe antchito ake amathiridwa petulo, ndipo palibe kontirakitala angavomere kupitako. Komabe, poganizira khama la a Kamtedza, adavomera kudikira mpaka Lachisanu. Akufuna munthu mmodzi, mutu wa chiwembucho, akaime pakhoti n'kukalowa ndende zaka zambiri, kuti madera ena atengerepo phunziro. Dzina likapezeka, koleji imangidwa. Likapanda kupezeka, ndalama zipita kwina, ndipo Nambirira adzadikira mpaka ana a ophunzira a lerowa adzamere imvi. Poti mudzi watseka pakamwa, wotchula dzinalo ndi mmodzi yekha.

"Lembani langa," adatero Kamtedza. "Ndine ndinaponda masamba. Ndine ndinakumba tsiku la maliro."

Bwanayo adaseka pang'ono, mwaulemu. "Kuponda masamba si mlandu m'buku la boma, a Kamtedza."

Adasiya pepala ndi cholembera pakabati, nadya nthochi imodzi mwa zomwe adabweretsa, napita.

Nkhani ya m'chipatala siigona. Woyamba kuimva adali Yotamu, amene adagonekedwa m'wodi yomweyo, mabedi anayi kuchokera pa Kamtedza, phewa litasokedwa ngati thumba. Adadzikoka n'kudzakhala m'mphepete mwa bedi. Sadapepese nthawi yaitali, ankadziwa kuti pepani sapoletsa chilonda. Adati mkonowo adathyola ndi iye ndipo sakana, ngakhale kuti pakadapanda kufuula kuja sakadatuluka kumanda. Adati kwawo tsopano sangamwe madzi kwa mlongo wake chifukwa cha chibwano cha mlamu wake. Kenako adayang'ana pansi.

"Ngati n'kutchula, nditchuleni, bwana. Koma apempheni andilole ndiyale kaye maziko. Njerwa zija ndinaumba ndine."

Kamtedza adadziwa kuti boma silidikira munthu kuti ayale maziko.

Nangozo adachokera ku wodi ya amayi akuyenda chogwira khoma. Kumsana sakadatha kubereka chifukwa cha nthiti, ndiye khanda la Etinesi adalifukata pachifuwa, akulimwetsa mkaka ndi kasupuni. Adakhala pansi pasimenti. Mawu ankatuluka movuta pamalo pomwe padali mano.

"Moto unayambira pakamwa panga, bambo. Tchulani ine, ndakalamba kale. Koma mundiuze woti ndimusiyire kamwanaka."

Kamtedza adayang'ana khandalo, lidali litagona, kadzanja kali kukamwa. Adakumbukira kulemera kwa mayiyo pachifuwa pake, ndi momwe njerwa zinkamvekera zikagunda thupi lomwe silidali lake.

Fanuwelo adabwera mochedwa, wapansi, chifukwa njinga ija adakaipeza itabedwa. Adaima patali ndi apongozi ake monga mwa mwambo, nkhope atalozetsa kukhoma. Iye sadadzipereke ayi, ndipo ine ndimamulemekeza chifukwa sadaname.

"Ine musanditchule. Ndende ndikuiopa. Mwanayu mayi alibe, asakhalenso wopanda bambo. Petulo ndinathira, eya, ndipo machesi akanakhala m'thumba mwanga ndikanayatsa. Koma magazi akukuyendaniwo ndi anga."

Pa onse atatu, maso amene ankamubwererabe Kamtedza akatsinzina adali a mnyamata ameneyu, akuthira pang'onopang'ono. Ndipo mtima umene unkagunda ndi mantha akakumbukira masowo unkapopa magazi a mwini masowo.

Adaganiza zong'amba pepalalo, asatchule aliyense. Koma Lachinayi kudabwera mphunzitsi wamkulu uja, manyazi ali tho, kalata yosatsegula ija ili m'thumba. Adamuuza kuti ophunzira adatola zikhomo zonse zofiira n'kuzibwezera m'mabowo ake, adalumikiza chingwe, ndipo akusinthana kuzilondera kuti mbuzi zisazule. Atsikana a utelala adasoka kale makatani a mawindo amene kulibe. Onsewo, anyamata ndi atsikana oposa zana, pamaliro paja ambiri padalibe, ndipo palibe chimene adalakwa.

Lachisanu lidafika. Dzuwa litakwera pang'ono, Kamtedza adamva ndi khutu lake lotsala galimoto ikuima panja, chitseko chikutsekedwa, nsapato za bwana zikubwera m'khonde. Adakoka pepala n'kuliika pabondo. Adatenga cholembera ndi dzanja lamanzere, losazolowera. Yotamu adali pabedi pake akumuyang'ana. Nangozo adali pakhomo ndi khanda. Fanuwelo adali panja pawindo, atatsamira khoma.

Pakadapanda pakamwa pa Nangozo, palibe akadamukhudza, koma pakadapanda msana wake akadapsa. Pakadapanda mpini wa Yotamu akadakhala ndi mkono wake, koma pakadapanda mpini womwewo machesi akadayaka. Fanuwelo adafunadi kumupha, ndipo ndi Fanuwelo adamubereka n'kumugawira moyo. Akasiya pepala lili loyera, atatuwo apita kwawo, ndipo ana zana abwerera pansi pa mtengo wa mango chifukwa cha masamba amene iye mwini adaponda.

Ine nkhani ndaitula pamenepa, nsapato zija zafika pakhomo. Inu amene mwakhala phee mukumvetsera, cholembera chikadakhala m'dzanja lanu, mukadalemba dzina la yani: Nangozo, Yotamu, kapena Fanuwelo? Kapena mukadabweza pepala losalemba, n'kukawauza chiyani ana akulondera zikhomo aja?